Mano Oyang'ana Kumbuyo

17 Januwale

Okondedwa Achimwene,

Khalani kaye pansi musanawerenge, ndipo ngati muli ndi kapu m'manja iikeni patali. Ndiyambe ndi zabwino kuti mtima usakuthamangeni: tonse tili moyo, nyumba yanu ili chilili, ndipo makina anu ochekera mitengo akulira bwinobwino ngati tsiku lomwe munawagula. Eya, funso lanu ndalimva ndili konkuno. Ndadziwa bwanji kuti akulira bwino, chikhalirecho munawatsekera m'bokosi n'kundiloza chala kuti, "Iwe, ukangowakhudza ndidzakudula makutu"? Nkhani yake ndi imeneyo. Ndaona kuti bola muimve kwa mwini wakene, chifukwa Alamu akaifotokoza aithira tsabola wambiri.

Lachiwiri lapitali masana kunawomba chimphepo choti ngakhale agalu anabisala. Bulugama uja wa kuseri kwa nyumba, amene mumangoti mudzadula mukadzabwera, sanakudikireni. Chinthambi chake chachikulu chinathyoka, tsinde pansi, mutu n'kukagona padenga cha pachipinda cha mwana wanu. Mwanayo anali kusukulu, musadzidzimuke. Malata awiri anapindika, ndipo mtanda umodzi wa denga umalira kuti tswii mphepo ikangokankha. Alamu anatulutsa bedi la mwana n'kuliika pabalaza. Mayi anangoima pakhomo manja ali kunkhongo, kumwamba nako mitambo ikuda.

Nkhwangwa ndinayesa, musati sindinayese. Koma ndikamenya kamodzi, chinthambi chonse chimanjenjemera n'kumafinya malata. Ndiye ndinapita kwa Alamu.

"Alamu, kiyi wa bokosi."

"Bokosi liti?"

"Lija mumagona mkazi mnzanu. Si inu nomwe mumati achimwene amakonda makina kuposa inu?"

"Iwe, akulu ako anati chiyani pochoka?"

"Anati ndisawakhudze. Sanati denga ligwe."

Ananyamuka n'kukatenga kiyi. Ndiye mlanduwu tigawana, koma gawo lawo ndi kachikhadabo chabe, lotsalalo ndi langa.

Zaka ziwiri ndakhala ndikukuonererani mukugwira ntchito, ndiye mumtima ndinkati palibe chachilendo. Petulo ndinasakaniza ndi oyilo monga mumachitira. Kukoka chingwe kachitatu, makina anadzuka. Ndinaima chotang'adza ngati mwini kampani, aneba akusuzumira pampanda. Tcheni chinali cholendewera kunsi kwa chitsulo chachitali chija mumachitcha lilime, lendelende ngati lamba wa munthu wanjala. Ndinachiona ndithu, koma ndinati ndi mmene chimakhalira. Ndinadula tinthambi tiwiri tam'munsi bwinobwino. Kachitatu ndinapotoza dzanja pang'ono, ndinangomva kuti phwaa! Tcheni chavuka. Ndinazimitsa n'kuseka mokweza, kuti aneba aziti zimenezi zimachitika tsiku lililonse.

Ndinamasula manati awiri a pambali, kuchotsa chivindikiro, kubwezera tcheni mumzere wake, kumanga, kuliza. Achimwene, makina akubangula, tcheni chikuthamanga, koma mumtengo osalowa. M'malo mwa tizibenthu tija timathovoka inu mukamadula, kumangotuluka fumbi losalala ndi utsi. Ine ndinati mtengo wauwisi ndi wamakani, ukufuna mwamuna. Ndinakanikiza mpaka thukuta kulowa m'maso, mpaka ndinamva fungo la chitsulo chopsa. Nditazimitsa, m'mphepete mwa lilime munali mutasanduka buluu, ndipo pamtengo panali kamzere kakuda basi, ngati pomwe mwana walemba ndi khala.

Nthabwala zinathera pamenepo. Ndinakumbuka kuti makinawa munawapeza mutagulitsa njinga yanu yamoto, ndiponso kuti mukadzamaliza ntchito kumeneko n'kubwera, ndi omwewa adzadyetse banja. Ndinati basi, ndapha injini, ndaswa mphika wa achimwene. Mukudziwa zomwe anthu amanena za ine chisiyireni sukulu, kuti chilichonse chomwe ndagwira chimathera pa mawu oti pepani. Wailesi ya Mayi, wilibala ya amalume, nanga ndiwerengenso? Koma zija zinali zoseketsa. Izi ayi.

Alamu anasuzumira pawindo. "Bwanji kwangoti zii, akatswiri?"

"Akupuma," ndinatero. "Makina apamwamba amafuna kupuma."

Atangotembenuka, ndinawalonga m'thumba, kuzembera kuseri, ulendo kwa Mayi Sipanala. Simukuwadziwa, anabwera inu mutachoka. Ndi mayi wamfupi wa imvi zapatalipatali, amakonza majenereta ndi mapampu a madzi m'kontena ija ili pafupi ndi pochapira magalimoto. Magalasi awo mwendo umodzi ndi wa waya. Ndinawapeza akutsuka tizitsulo m'kachitini ka petulo.

"Mayi, ndabwera ndi maliro."

"Wamwalira ndani?"

"Injini. Ndikuganiza kuti pisitoni yapsa. Apo ayi ndi kilatchi." Ndinatchula mawu onse amene ndinamvapo kwa inu.

"Ukakoka chingwe ikudzuka?"

"Ikudzuka."

"Ndiye maliro ako ndi amphamvu. Taika apa."

Anapukuta manja, kuyang'ana kamodzi kokha, kenako anavula magalasi n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pachigubu. Ine chiimire, thumba lili m'manja ngati wogulitsa makala.

"Tcheni ichi waika ndani?"

"Ndinachipeza choncho."

"Mwana iwe."

"Ndaika ine."

"Sendera. Dzino ili lili pamwamba pa chitsuloli, kukamwa kwake kwakuthwa kwayang'ana kuti?"

"Kwa ine."

"Nanga tcheni pamwamba apa chimathamangira kuti?"

"Kunsonga."

"Ndiye wakhala ukudula mtengo ndi nkhongo za mano. Kwanu galu amaluma ndi mchira?"

Achimwene, tcheni ndinachiika chotembenuza. Mano onse amayang'ana kumbuyo. Injini ilibe vuto ngakhale pang'ono, pisitoni ili gwa, kilatchi ili gwa, wodwala ndinali ine. Ndinangokhala pansi pasimenti pomwe panali oyilo, buluku osalilabadira. Chibadwire sindinasangalalepo chonchi munthu akunditcha chitsiru.

Koma sanandisiyire pomwepo. Anandiponyera sipanala n'kunena kuti, "Masula wekha, manja angawa ndi a makina odwala zenizeni." Nditachotsa chivindikiro, mkati monse munali utuchi wosakanikirana ndi oyilo, utagwirana ngati phula. Anandionetsa kabowo kakang'ono palilime, kolowera oyilo wofewetsa tcheni. Kanali katatsekeka. "Ubuluu uwu ndi ludzu," anatero. "Tcheni chimayenda chouma, iwe n'kumachiwonjezera katundu." Ndinatokosa kabowoko ndi kawaya, kupala mzere wonse wa lilime mpaka mbee. Timiyendo titatu ta tcheni, tija timayenda mumzere, tinali titaphwanyika m'mphepete pamene chinavuka, ndiye anatisalaza ndi tupa.

Kenako ndinaika tcheni, ulendo uno mano kutsogolo, ndipo ndinayang'ana katatu. Anandiphunzitsa kumanga kwake. Umatukula nsonga ya lilime ndi dzanja limodzi, n'kumazunguza kasikuluwu kaja mpaka tcheni chikhudze kunsi kwa lilime. Ukachikoka pang'ono n'kuchisiya, chizibwerera chokha kuti tha, koma chiziyendabe ukachikoka ndi dzanja. Ukatero ndiye umange manati. Akuti osamamanga chili chotentha, chifukwa chikazizira chimafupika n'kukoka zonse. Inu zimenezi mukuzidziwa, ndikungofuna muone kuti mutu wanga uli ndi kolowera. Ponola mano anandiwerengetsa mokweza ngati wa kalasi yoyamba, dzino lililonse katatu, osakondera mbali, kuopa kuti makina angamadule mokhota ngati nthochi. Pomaliza anaimika katoni kutsogolo kwa nsonga, ine n'kuliza. Pakatoni panaoneka kamzere ka timadontho ta oyilo. Ndinafuna kukapsompsona katoniko.

Tsono pali china chomwe ndakhala ndikuchizungulira chiyambire kalatayi.

Ine ndikuti tamaliza, iwo anatembenuza makina chagada n'kuloza kachitsulo kakang'ono kali kunsi, pomwe tcheni chimalowera m'thupi la makina. Kanali kopindika, katadyeka ngati kalumidwa ndi chilombo.

"Aka ukukadziwa ntchito yake?"

"Ayi."

"Tcheni chikavuka chimabwerera kwa mwini wake ngati chikwapu. Aka ndi kamene kanachigwira. Unavala magolovesi?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Kumapazi?"

"Mapatapata."

Sanasekenso. Anagwira dzanja langa lamanja n'kulitembenuza uku ndi uku, ngati akufuna kuona ngati lilidi lonse. "Zomwe kadya kachitsulo aka," anatero, "likanadya dzanja ili."

Pamaso pa aneba paja ndinaseka, koma ndisakunamizeni, phokoso la tcheni lija linandiopsa zedi. M'kontena muja ndinapempha madzi akumwa. Mayiwo anandipatsa, kenako anapita kukasakatula m'mulu wa makina akufa mpaka anapeza kachitsulo kena kolowa m'malo.

Atamanga, anatseka kontena yawo nthawi yoweruka isanakwane n'komwe, kunditayira magolovesi ndi majombo aakulu ngati mabwato, n'kunena kuti, "Tiye. Ndikaone ndi maso anga, ndisadzamve pamaliro." Titafika anazungulira chinthambi kawiri. Pomwe ndinayamba kudula paja akuti ndi pomwe sindimayenera kuyambira, chifukwa mtengo ukanapana lilime n'kutsetsereka ndi malata omwe. Mwina kupusa kwanga kunapulumutsa denga, koma zimenezo musandiyamikire. Tinamanga chingwe kumutu kwa chinthambi, aneba atatu n'kumakoka kuti kulemera kuchoke padenga, ine n'kumadula pomwe mayiwo aloza, tizidutswa tifupitifupi. Abale inu, tcheni chikayang'ana koyenera! Makina amalowa okha, osakanikiza, tizibenthu tikuthovoka mpaka m'tsitsi la Alamu. Iwo anangoti, "Koma alamu, ndiye kupuma kwawathandiza makinawa." Ndinati eya, ndinakuuzani.

Mvula inayamba tikukhoma msomali womaliza palata. Sipanadonthe. Mwana wanu wabwerera kuchipinda kwake, ndipo akuuza anzake kusukulu kuti abambo ake aang'ono ndi injiniya. Musamutsutse, chonde.

Tsopano zomwe mudzapeze mukadzatsegula bokosi, kuti musadzati ndinabisa: ubuluu wa palilime sudzachoka, koma akuti lilime silinapindike. Dzino limodzi la tcheni labenthuka kansonga. Kachitsulo kakunsi ndi kachilendo, mtundu wake ndi wosiyana. Basi. Ndawatsuka, ndakhuthula petulo, ndawakulunga m'nsalu yawo, ndipo kiyi ali kwa Alamu, amene amubisa malo oti ngakhale khoswe sangawadziwe.

Mayi Sipanala akuti ndizipita Loweruka lililonse kukaphunzira. Akuti mutu wanga si wopanda kanthu, vuto lake umathamanga kusiya maso m'mbuyo. Ndayamba kale, dzulo ndamasula pampu yonse n'kuibwezera, panatsala kanati kamodzi kokha. Akutinso bulugamayo watsala wopendekeka, ayenera kugwetsedwa mphepo ina isanabwere, ndipo iwo adzaimirira pambali panga ngati inu mwavomera. Mukakana, tipeza munthu wina wa makina ake, ine sindidzawiringula. Bokosi lija sindiligwiranso mpaka nditamva mawu anu. Ulendo uno ndikunena zoona.

Mayi athu akupereka moni, akuti muzivala juzi ndipo musamadye choimirira. Iwo akudziwa zoti ndinadula mtengo basi, za kachitsulo kaja sakudziwa, ndipo Alamu nawonso sindinawauze. Kodyekako ndakasunga m'thumba la jekete, ndimakagwira ndikayamba kudzimva. Alamu akuti akusowani, ngakhale ananena akuyang'ana kumbali. Mwana akuti mumubweretsere nsapato zowala kunsi.

Mukafuna kundikalipira, kalipani ndithu, ndakonzeka. Koma lembani kalata yaitali, masamba atatu kapena anayi. Paja maso a Mayi anafooka, ndine ndimawawerengera, ndipo amakondwa akaona mapepala ambiri. Mbali zokalipazo ndidzawerenga ndekha kuseri kwa nyumba, iwo ndidzawawerengera zotsalazo. Onetsetsani kuti zotsalazo zilipo.

Ndalemba ndi dzanja langa lamanja, zala zonse zisanu zilipo.

Ine mng'ono wanu,
uja mumati Pupuluma