Chikumbu cha Pamtima cha Penbui

Mwezi wachiwiri wa madzi osefukira, tsiku la 9

Penbui mwana wa Nakhi. Ndayamba ndi dzina lake dala. Ndiye anaima pachipata cha mudzi, tonse tili anyamata, nkulumbira m'dzina la mfumu kuti anandiona ine Kasa ndikubisa chosemera cha mkuwa cha kumanda achifumu. Chonsecho anachitaya ndi iye. Akulu a bwalo anandidula khutu, kophunzira kulemba anandichotsa ndisanamalize, malo anga pantchito anapatsa iyeyo.

Lero ndamva kuti wagona, sakudzuka. Adzuke. Sitinathane.

Tsiku la 11

Kunabwera mwana wake Tameketi, mwala wobiriwira atakulunga m'kansalu. Anagwada pakhomo.

"A Kasa, bambo akupempha muwasemere chikumbu cha pamtima."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Tizikumbu ting'onoting'ono ta pamkanda ndimasemera aliyense, ngakhale wondizonda. Koma cha pamtima ntchito yake ndi imodzi. Amachigoneka pachifuwa cha mtembo, kumimba kwake kutalembedwa mawu ouza mtima kuti ukafika pasikelo ya Osiri, mulungu woweruza akufa, ukhale chete, usakaulule mwini wake. Ndiye ine, ndi dzanja langali, nditseke pakamwa mtima wa Penbui, mboni yanga imodzi yokhayo?

Ndinati, "Pitani kutsidya kwa mtsinje, osema ali mbwee."

Anachoka. Mwala wausiya pamphasa.

Tsiku la 12

Mwala wabwino, wopanda mng'alu. Galu ameneyu zinthu zabwino zimamutsata.

Tsiku la 14

Ndinakhala kuseri kwa khola la abulu. Chikumbu chenicheni chikukunkhuniza ndowe chammbuyo, kugwa nayo m'dzenje, kuyambiranso. Ansembe amati ndi momwe mulungu Khepri amakankhira dzuwa m'mawa. Iwo aona dzuwa. Ine ndaona mnzanga, wokankha nyansi za wina mpaka imvi.

Henuti wofulula mowa anandipeza pomwepo. "Iwe Khutulimodzi, wayamba kufunsira zikumbu? Akazi anakukana onse?"

"Anandikana atalawa mowa wako paukwati."

"Semera mwana uja, nkhalamba iwe. Iye anakudula chiyani?"

Ndinamupatsa mbali yopanda khutu.

Tsiku la 17

Penbui wamwalira. Kulira kwamveka dzuwa likutuluka. Okonza mitembo amutenga kale.

Ndimayesa ndidzasangalala. Mkate wandikanika. Penbui wathawa osaulula, ngati mmene anachitira kale.

Tsiku la 20, lopuma

Andibwerera maganizo oipa. Kunyumba kwawo kulibe wodziwa kuwerenga. Ndikhoza kusema chikumbu chokongola, miyendo yake, mapiko ake, koma kumimba nkulemba kuti: mtima iwe, lankhula zonse. Amukulunge nacho m'nsalu, andithokoze. Chilombo chodya mitima ya olakwa chikadye bwino.

Ndinagwira chosemera, ndinachibweza. Pasikelo paja pakakhala milungu yokha. Henuti sakamva. Ana ondiimba nyimbo pamsewu sakamva. Ine ndidzafabe mbava.

Tsiku la 23

Tameketi wabweranso, maso otupa, fumbi la maliro lidakali kumutu. Ndinamukankhira mwala wake.

"Ndinati kutsidya."

"Ndinapita, a Kasa, bambo ali moyo. Atamva anandikalipira. Anati cha munthu wina ndi mwala chabe."

"Chifukwa?"

"Anati mtima wawo sungamvere dzanja lina. Mlandu umene ukanene ndi wanu. Akauletse ndi mwini mlandu."

Ndinamva kutentha pachipsera cha khutu. "Ndiye mukudziwa."

"Anandiuza ndili mtsikana, atamwa."

"Mtsikana! Pano muli ndi zidzukulu! Mumandidutsa kuchitsime, kundipatsa moni wabwinobwino, ana anu akundiimba Khutulimodzi waba mkuwa, inu muli chete?"

"Anali bambo anga."

"Ine ndinali mwana wa mtengo?"

Analira. Sindinamutonthoze. Mayi anga anamwalira akuyenda mozemba anthu, palibe anawatonthoza.

Tsiku la 24

Ndayamba msana wa chikumbu. Mzere wa mapiko waongoka. Kumimba ndasiya kosalala, kopanda chilembo ngakhale chimodzi.

Ndinamuitanitsa Tameketi, ndinamuonetsa. Anatambasula manja. Ndinachibweza m'chikhatho.

"Pano chilibe mawu. Okonza mitembo akamaliza, adzawakulunga bambo anu ndi chimene chilipo. Tsiku lopuma likudzali amuna onse akhala atatsika kuntchito. Mukaime pachipata, masana, akulu a bwalo alipo. Mukanene mokweza kuti Penbui analumbira bodza, Kasa sanabe. Mukatero, mtima wa bambo anu ndiutseka ndekha, mawu onse osadumpha."

"Azichimwene anga andithamangitsa pakhomo."

"Mwina."

"Dzina la bambo lidzanunkha m'mudzi muno."

"Langa lanunkha mokwanira."

Wapita. Chifuwa changachi sichifika nthawi yokolola, ndikudziwa. Sindikufuna mbuzi ya chipepeso, sindikufuna khutu. Ndikufuna ndimve ndi lotsalali, ndili moyo.