Fupa la ng'ombe silinalakwe

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ya mlamu wanga. Nkhaniyi ndalephera kuuza ngakhale mnzanga wapamtima, ndiye ndati ndilembere inu amene simundidziwa nkhope.

Mano anga atatu a m'munsi anagwedera n'kuchoka zaka zinayi zapitazo. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, anandiumiriza kuti ndikaikitse mano aja amazika m'fupa ndi kachitsulo. Dokotala wa mano atandijambula anati fupa la nsagwada linaphwera moti kachitsuloko kalibe pogwira, ayambe wawonjezerapo fupa lina. Anatiuza tisankhe: kudula kafupa kanga komwe pachibwano, fupa la munthu amene analola kupereka thupi lake akamwalira, la ng'ombe, kapena lochita kupanga. La womwalira akazi anga anakana pomwepo. Kuchekedwa pawiri ndinaopa ndine. Tinasankha la ng'ombe, ana n'kumandiseka kuti posachedwa ndiyamba kubzikula.

Pafomu panali funso loti kodi ndimasuta fodya. Akazi anga anali pambali panga, ndipo anayankha ndi iwo: "Anasiya kalekale awa, chaka chimene bambo awo anamwalira ndi chifuwa." Ine ndinangochonga kuti ayi.

Aphungu, sindinasiyepo. Ndimasuta ndudu zisanu patsiku kuseri kwa sitolo kumene amataya makatoni, kenako ndimasamba m'manja ndi sopo n'kubwira switi. Paketi imakhala m'kabati ya makina, pansi pa zidutswa za nsalu. Tsiku lachitatu chichitireni opaleshoni ndinasuta, ulusi udakali m'kamwa.

Patatha milungu itatu bala linatseguka, mafinya n'kumatuluka pamodzi ndi timibulu toyera tonga mchenga. Dokotala anachotsa zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa chapansipansi, "Bambo, palibe chimene munaiwala kundiuza?" Ndinati palibe.

Pano akazi anga akuuza aliyense kutchalitchi kuti dokotalayo anandiika fupa la ng'ombe yodwala. Alemba kale kalata yokamuneneza kwa akuluakulu ake, akungodikira kuti ndisaine. Chonsecho dokotala wachitsikanayo anandisamalira ngati bambo ake omubereka. Iye akuti tiyesenso ndi fupa langa lomwe. Kodi limeneli lingagwire popanda ine kuulula? Ndikawaona mayi a ana anga akundimenyera nkhondo chonchi, ndimasowa poyang'ana.

T.W., telala wa m'tauni

Bambo T.W.,

Kalatayo musasaine. Dzina la mwana wa eni lisaipe chifukwa cha paketi ili m'kabati mwanu.

Ng'ombe ija muisiye. Fupa lotere amalitsuka ndi kulitentha mpaka kutsala chigoba chokha, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi mtengo woyangapo nyemba: fupa lanu ndi limene limamera n'kuyanga pamenepo. Kuti limere pamafunika magazi oyenda bwino, pomwe utsi wa fodya umafinya timitsempha ta m'nkhama. Sindingalumbire kuti ndi fodya yekha anawononga, poti nthawi zina zimakanika ngakhale kwa osasuta. Koma dokotala anagwira ntchito potengera yankho labodza. Fupa lanu lomwe nalonso limafuna magazi omwewo. Mukapitiriza kusuta, ulendo uno mabala ovuta kupola akhala awiri.

Pitani kwa dokotalayo nokha sabata ino, mukamuuze chiwerengero chenicheni cha ndudu. Musaope kumudzidzimutsa. Funso anakufunsani lija likusonyeza kuti nkhama zanu zinamuuza kale, amangodikira pakamwa panu. Mukamufunse kuti musiye kwa nthawi yaitali bwanji opaleshoni isanachitike ndiponso itachitika, komanso kuti pa mitundu inayi ija woyenera nsagwada yanu pano ndi uti. Thandizo losiyira fodya lilipo, ndipo namwino muli naye m'nyumba momwemo. Bambo wopempha thandizo kwa mwana wake sachepa.

Tsopano mayi. Auzeni kalata isanatuluke pakhomo, muli awiri, paketiyo mutaiika patebulo. Musayambe ndi zifukwa. Akwiya ndithu, ndipo kukwiyako n'koyenera: munawasiya akuchitireni umboni wabodza pamaso pa dokotala ndi pamaso pa mpingo. Aloleni alankhule mpaka atope. Kukakonza nkhaniyi kwa anthu amene anauzidwa za ng'ombe yodwala musawatume okha, mupite nawo, ndipo wolankhula mukhale inu.

Chenjezo langa ndi ili: musagonenso pampando wa dokotala uja fodya musanasiye. Fupa la pachibwano ndi lochepa. Likadulidwa n'kuwonongeka, kawirikawiri kotsala kokatenga lina ndi m'chiuno, ndipo opaleshoni imeneyo ndi yaikulu kuposa manyazi mukuthawawa.

Aphungu