Tsamba Limene Sindinalikonze

Ndirande, Blantyre
12 Ogasiti 2008

Okondedwa Adada,

Muli uli kumeneko ku Lufita? Bondo lija lasiya kutupa? Nanga Amama chifuwa chikuwapeza bwanji ndi mphepo yochokera ku mapiri a Mafinga? Ine m'thupi ndili bwino, kungoti fumbi layamba ndipo madzi a m'mipope akubwera mwa apo ndi apo. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mlongo wanga Esnat.

Mukudziwa kuti kupatula kulumikiza makompyuta m'maofesi, ndimathandizanso gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana kusamala masamba a malangizo amene amakhala m'kati mwa kompyuta. Munthu akafuna kulumikiza makina ake ku netiweki amatsegula tsamba, n'kuwerenga lamulo loti alembe. Masamba atatu ali m'manja mwanga. Udindo wanga ndi umodzi basi: zimene tsamba likunena zikhale zimenedi makina amachita.

Chaka chatha opanga pulogalamu anasintha lamulo lina. Kale linkangoonetsa adiresi ya makina, koma tsopano ukalilemba mwakale limaifufuta. Uthenga wa kusinthaku ndinaulandira mu Novembala. Ndinati ndikonza tsambalo Loweruka, ndipo Loweruka lililonse ndinkanena zomwezo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwezi watha kompyuta ya ku ofesi ya alimi ku Boma, imene ndinaiika ndine, itayamba kuvuta, Esnat, amene amagwira ntchito mu ofesimo, anatsegula tsamba langa n'kulemba ndendende zimene anaona. Makina anaduka pa netiweki, ndipo mayina a alimi a ku Wenya ofuna mbewu sanatumizidwe pa tsiku lake. Ena mwa alimiwo anayenda wapansi kudzalembetsa.

Atandiimbira foni ndinamuuza kuti ayenera kuti anaphonya chilembo, popeza makina sanama. Iye anati anawerenga katatu, chala chili pagalasi la kompyuta. Ine ndinaseka. Abwana ake, a Foster, atandifunsa, ndinawauzanso zomwezo, ndisanayese n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo Esnat sayankha foni yanga.

Lolemba lapitali ndinalemba lamulolo pa makina a kuno monga tsamba linkanenera. Adiresi inafufutika. Ndinabwereza kanayi, ndipo kanayi konse zinachitika chimodzimodzi. Tsambalo ndalikonza ndipo gulu lavomereza. Inali mizere iwiri yokha, Adada, ntchito yosafika mphindi khumi.

Amama andiuza kuti komiti ya ofesiyo ikumana pa 22 kuti ione ngati Esnat apitirize ntchito. Ndinawaimbira a Foster kuti ndiwafotokozere. Anandiyankha mwaulemu kuti pakamwa pamodzi patuluka mawu awiri osiyana, ndipo komiti ingaganize kuti ndikungoikira kumbuyo mlongo wanga. Sindiwaimba mlandu.

Pempho langa ndi ili. M'envulopu muno muli tsamba lakale, tsamba lokonzedwa, uthenga wa mu Novembala uja wokhala ndi deti lake, ndi kalata yosainidwa ndi ine. Chonde mupite nazo nokha kwa a Foster lisanafike tsikulo, muvale jekete la kutchalitchi lija. Pepala lobwera ndi munthu wamkulu sililowa m'dirowa. Muwapemphe ayese lamulo lakalelo pamaso pa komiti, aone okha.

Ndikudziwa kuti mwakhala mukuuza anthu kutchalitchi kuti mwana wanu amalemba zimene azungu amawerenga. Tsopano ndikukutumani kukanena kuti mwana yemweyo analemba zolakwika, n'kusenzetsa mlongo wake mlandu. Musakandichepetsere cholakwacho. Mukanene kuti Esnat anawerenga bwino.

Mundiperekere moni kwa Amama, kwa azakhali a Mabel, kwa amalume a Rodwell ndi banja lawo lonse. Kwa Esnat musapereke moni wanga kaye. Mungomuonetsa mapepalawa musanapite nawo, awerenge yekha, chala chili papepala ngati afuna.

Yewo chomene, Adada.

Ndine mwana wanu,
Wallace