Mkono Umene Mukugwila ku Lusaka

Petauke Boma

Okondedwa bambo ake Conrad,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Chiuno chikupola? Nanga diso lija anakuchotsani ng'ala, layamba kuona bwino? Kuno tilipo. Thonje la kumunda kwathu ku Kaumbwe mlamu wanu Febian akutola, ndipo akuti labeleka.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumalankhula ndinu nokha, ine n'kumangoti inde.

Mwana wathu Charity anafika Lachiwili sabata yatha kuchokela kumeneko, ndipo wandiuza zimene inu munabisa. Akuti sikunali kupunthwa chabe monga munanenela. Magetsi anali atazima m'masitepe a fulati ya Conrad, inu mutavala patapata, diso limodzi lili m'bandeji, koma munati mutsike ndithu mukagule nyuzipepala. Munakunkhulika mpaka pansi.

Akutinso mu wodi imene anakugonekani, mabedi ambili anali a okalamba akugwa. Wina anatelela pa matailosi a m'bafa, wina anagwela m'ngalande ya pamsewu, wina anangonyamuka msanga pampando, mutu n'kuzungulila. Nasi anauza Charity kuti okalamba a m'tauni amagwa kawilikawili chifukwa amakhala pansi tsiku lonse, miyendo n'kuiwala ntchito yake. Ndinakumbuka m'mene munali kupalasila njinga mpaka ku Kalindawalo osapumila, ndipo ndinalila.

Koma chimene chandiwawa kwenikweni ndi nkhani ya amai Mweemba.

Charity akuti ndi mayi wamasiye wa khomo loyang'anana ndi la Conrad, ndipo nawonso anagwa chaka chatha n'kuthyoka mwendo. Akuti Conrad ndi mkazi wake akangopita kuntchito, iwo amagogoda. Amakuphunzitsani kunyamuka pampando pang'onopang'ono ndi kuima ndi mwendo umodzi mutagwila tebulo. Ndiwo anauza Conrad kuti achotse kapeti ya pakhomo ndi kukhomela chitsulo chogwila m'bafa. Patapata wanu anataya okha. Kenako mumayenda m'khonde, inu mutagwila mkono wawo.

Mwanayu anafotokoza zonsezi mokondwa. Anati, “Amai, mukanawaona atate, akuseka ngati mnyamata.” Sanadziwe kuti akundilasa.

Bambo ake Conrad, ine ndinakwatiwa ndi inu muli mphunzitsi wa buluku limodzi ku Sasare. Malungo anu onse ndinadwazika ndine. Zaka zonsezi simunandigwilepo dzanja pamsewu, mumati ndi zachibwana. Lelo mkono wa mkazi wina mukuugwila masana, anthu a mafulati onse akuona.

Pa Sabata paja, Charity atapita kutchalitchi, ndinakuimbilani kuti ndimve mau anu. Ndinafunsa ngati mwadya, munati amai Mweemba akuti muzidya kapenta kuti mafupa alimbe. Ndinafunsa ngati mukugona bwino, munati amai Mweemba akuti pilo muziika pakati pa mawondo. Dzina langa simunalitchule. Foni ija sinaduke yokha ai, ndinadula ndine.

Tsopano mumve chimene sindinauze mwana aliyense.

Nditadula foni ndinanyamuka ndi ukali pampando wa pakhonde. Maso anachita mdima, ndipo ndinaphonya sitepe ija yong'ambika imene munati mudzakonza mukabwela. Ndinagwela pabwalo chammbali. Ndinayesa kudzuka, bondo linakana. Ndinagona pamenepo dzuwa likundiwotcha, nkhuku zikundizungulila, mpaka mkazi wa a Musa, aneba athu, anandiona pobwela kumjigo. Anandikokela m'nyumba, ndipo ndinamupempha kuti asauze munthu.

Sindinathyoke, koma bondo linatupa. Charity atandiona ndikutsimphina ndinamuuza kuti ndi nyamakazi. Kukiliniki anati mapilitsi anga a BP ndiwo akundipatsa chizungulile, anandisinthila ena. Koma mantha sanandisinthile. Kumsika ndasiya kupita, kukwaya ya amai sindinapite, ndipo posamba ndimakhala pa kampando ngati mwana. Nyumba imene ndasesa zaka zonsezi, lelo ndimayendamo ndikugwila zipupa.

Pamene ndinali gone pabwalo paja, sindinaganize za imfa. Ndinaganiza kuti inu mutagwa panapezeka wokudzutsani, wokuyendetsani, wokuseketsani. Ndinachita nsanje ngakhale ndi kugwa kwanu komwe.

Ndikudziwa kuti amai Mweemba sanandilakwile. Akanakhala mkazi woipa ndikanadana nawo, mtima n'kukhala pansi. Koma akuchita zimene ndikanachita ine, ndipo akuzichita bwino kuposa ine, chifukwa njila yake anaipita kale. Chimenecho ndicho chikundipweteka.

Charity akuti adokotala alola kuti muyende ulendo mwezi uno ukatha. Chonde musawonjezele masiku. Conrad akukwezeni basi yam'mawa, akupezeleni mpando wakutsogolo, ndipo pa Nyimba musatsike nokha kukagula nthochi, tumani munthu. Zonse zimene mwaphunzila kumeneko muzisunge bwino m'mutu, mudzandiphunzitse. Kuno kulinso wodwala, ndipo alibe mnansi wa khomo loyang'anana.

Conrad musamuuze za kugwa kwanga, angandinyamule nanenso kukandiika pamwamba pa masitepe amenewo. Mum'patse moni pamodzi ndi mkazi wake, ndi mdzukulu wathu Abby. Mulungu akulimbitseni mafupa, akubwezeni kwanu muli woyenda.

Amai Mweemba muwathokoze m'malo mwanga, ndipo ndikunena zoona. Ndawatumizila kathumba ka nshawa zosenda kudzela kwa Charity amene akubwelela kumeneko mailo m'mawa. Koma akapeleke ndi Conrad, osati inu.

Ndine mkazi wanu,
Sophia, amake Conrad