Nkhope ya Kapitawo

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Kaya kumenekonso kumagwa chiperoni, kaya nyamakazi ija munaisiya kuno. Ndine Mateyu. Ndikulemba pa Sabata masana, anzanga onse atapita kumapemphero kumishoni. Ine sindinapite, ndipo mukanakhalapo mukananditsina khutu.

Ndiyambe ndi za kumunda, paja inu nkhani mumayambira kumeneko. Nandolo amene munabzala kuseri kwa malaini, nyumba zathu zija za antchito a tiyi, tinakolola inu mutapita, anadzaza madengu atatu. Kalongonda anyani anatithandiza kudya. Chimanga cha chaka chino chakula bwino, tayamba kuotcha chachiwisi. Denga la kanyumba kanu linagwa ndi mvula yoyamba, ndipo sindinalikonze, ndimangolizungulira. Achemwali a ku Goliati ali bwino, mbuzi yanu ija anaitenga, yaswa awiri.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mpongozi wanu Eneresi anachira, patangopita miyezi iwiri chikuikireni m'manda. Mwanayo ndi wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, Roda, ngakhale pakamwa panga dzinali limalemera, poti sindinazolowere kulitchula. Tsopano wakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri, akukhala yekha pamphasa, ndipo timano tiwiri tatuluka m'munsi.

Mwana ameneyu ndi wansangala, Amayi. Asanatuluke n'komwe m'chikuta ankamwetulira ali m'tulo, azimayi n'kumati musamudzutse, akucheza ndi agogo ake. Atatha mwezi ndi theka anamwetulira ali maso. Eneresi ankamusambitsa pakhonde, n'kumuyankhulitsa zopanda mutu zija azimayi amayankhula, basi kakamwa kopanda mano kaja kanatseguka. Eneresi anaitana laini yonse kuti idzaone. Kuyambira pamenepo maso ake ankatsata munthu mpaka atakhota, ukamuyankhula iye n'kuyankha kuti aguu, ngati akukutsutsa pamlandu. Pa miyezi inayi anayamba kuseka mokweza. Lero amasekera aliyense. Amasekera Che Amadu ogulitsa mchere ndi nsalu kumsika, n'kuwakoka ndevu. Amasekera nkhuku. Amatambasulira manja ngakhale munthu wodutsa ndi nkhuni pamutu.

Ine ndekha ayi.

Poyamba sizinali choncho. Ali wakhanda ankandiyang'ana chabe, ine n'kumati nthawi yanga ikubwera. Koma chiyambire mvula, ndikangolowa pakhomo, mlomo wam'munsi umayamba kunjenjemera, kenako amabisa nkhope pachifuwa pa mayi ake. Ndikamunyamula amadziwongola ngati ndodo n'kulira mpaka mawu kutha. Azimayi amati, musadandaule a Kapitawo, wayamba kudziwa anthu, pamsinkhu umenewu mwana amakana alendo. Zoona, amakana alendo. Nanga ine ndine mlendo? Che Amadu amawaona kamodzi pamwezi, ine ndimagona naye nyumba imodzi.

Ndayesa zambiri, musandiseke. Ndinameta ndevu. Chipewa ndimachivulira panja. Tsiku lina ndinawerama pamtsuko wa madzi kuphunzira kumwetulira, ndipo chimene ndinaona m'madzimo chinali ngati galu amene akufuna kuluma. Ndinamubweretsera nthochi yakupsa, anailandira m'manja mwa mayi ake.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, inunso mukuchidziwa. Nthawi ya mvula tiyi amaphuka osadikira munthu, ndiye aliyense ali m'munda, Eneresi yemwe. Amatchola m'gulu langa, dengu m'chiuno, Roda kumsana. Choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwanayu amaona bambo ake akubwera mumzere ndi ndodo m'khwapa, wezulo pakamwa, akukalipa. Ndipo amene ndimamukalipira koposa onse ndi Eneresi, kuopa kuti anthu angati kapitawo akukondera mkazi wake. Lamulo lija loti mwana asatsitsidwe kumsana mpaka belu la masana lilipobe. Bwana sanandiuze zimenezo. Ndinalipeka ndekha kuti gulu langa lizikhala loyamba kusikelo, bwana azindiloza ndi chala pamaso pa makapitawo anzanga.

Ndinamufunsa Eneresi kuti kodi ukumuuza chiyani mwanayu za ine? Iye sanakweze mawu. Anati, “Bambo ake Roda, mwanayu samva Chinyanja, samva Chilomwe. Amamva msana wanga. Mukamayandikira, msanawu umauma.” Ndinafuna kumukalipira, koma ndinaona kuti mwana akundiyang'ana.

Ndiye ndimakumbukira tsiku lija la mvula ya chaka chatha, inu mukutchola m'gulu langa lomweli. Filesi, mtsikana uja wa ku Kapichi, mwana wake anali atalira kumsana kuyambira m'mawa. Inu munasiya mzere wanu, munamuvula dengu, n'kumuuza kuti khala pansi umuyang'ane mwanayo kumaso, mwana sakula ndi msana wokha. Ine ndinafika ndikuliza wezulo. Pamaso pa anthu onse aja ndinati, “Kuno kulibe amayi a munthu, kuno kuli ntchito. Bwererani mumzere.” Inu, amene munandibereka kumsana kuchokera kwa Apwitikizi, kuwoloka nane Ruo madzi ali m'chifuwa, ndinakulozani ndi ndodo.

Munatola dengu lanu, munandiyang'ana, n'kunena m'Chilomwe, pang'onopang'ono, kuti nkhope imeneyo usamaivale tsiku lonse, mwananga, idzakukanirira. Ndinamva, koma ndinachita ngati sindinamve. Madzulo ake munandiphikira ndiwo monga mwa masiku onse, ine n'kudya. Ndinkati ndidzapepesa tiyi akachepa. Tiyi atachepa ndinati ndidzapepesa pa Sabata. Kenako kunabwera kuzizira kuja, chifuwa chinakugwirani, masiku asanu okha basi. Pamaliro anthu ankati kapitawo ndi mwamuna, taonani sakulira. Sikunali kulimba mtima, anali manyazi. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa sanakome, Amayi, akundiwawa.

Pepani. Ndinakulakwirani, ndipo ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndalakwa.

Tsopano ndikuuzeni za dzulo, ndi zimene zandikhazika pansi ndi pensulo. Titaweruka, Eneresi anachapa zovala kukonzekera Sabata n'kuziyanika pampanda. Madzi atamuthera anakhazika Roda pamphasa, nati muzimuona, ndifika pachitsime pompano. Sanadikire kuti ndiyankhe. Tinatsala awiri. Mwana anayang'ana kumene mayi ake alowera, kenako anatembenukira kwa ine, ndipo mlomo uja unayamba. Ndinasowa pogwira. Ndinangotsomphola nsalu imene inali pafupi n'kudziphimba kumutu, kuti mwina akapanda kundiona salira. Inali biriwita yanu yakale ija, imene Eneresi amaberekera mwana masiku ano.

Kunali zii. Ndili m'kati mwa nsaluyo ndinakumbukira masewera amene munkachita ndi ana a achemwali, kudziphimba n'kufunsa kuti ali kuti, ali kuti, kenako n'kuvundukula n'kuti uyu. Ndinachepetsa mawu kuti amveke ngati anu. Ndinati, “Ali kuti Roda? Ali kuti?” n'kumagwedeza mutu.

Anaseka, Amayi. Osati kumwetulira kokha, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka anagwa chagada n'kudzuka movutikira. Nsaluyo yatha, ndi yopyapyala, ndiye ndinkamuona bwinobwino: timano tiwiri tija, maso atatsinzina, dovu likutsika pachibwano. Ndinabwerezanso, iye n'kusekanso. Anawerama n'kundigwira bondo. Chibadwire chake kanali koyamba kundigwira yekha, popanda womukakamiza.

Masewerawa amatha ndi kuvundukula, mwana naye amadziwa. Anagwira nsonga ya nsalu n'kuyamba kukoka kuti aone amene akumuseketsa. Ine ndinailuma nsaluyo ndi mano. Munthu amene anthu makumi atatu amadzuka akamva wezulo wake, ndinalimbana ndi khanda kukanirira nsanza. Eneresi anatipeza choncho. Anaima ndi mtsuko pamutu kwa kanthawi, kenako anati, “Vundukulani, bambo ake Roda.” Ndinapukusa mutu, mwana n'kuyesa ndi masewera, anasekanso. Ndinakhala momwemo mpaka mayi ake anamutenga kukamusambitsa. Pochotsa nsaluyo inali yonyowa, ndipo sikuti inali isanaume pampanda.

Ndiye ndi mmene zilili kuno. Mwana wanga amandikonda ndikakhala kuti palibe.

Lolemba m'mawa ndikawauza azimayi kuti mwana akalira, amutsitse, amuyamwitse, acheze naye, belu lisanalire kapena litalira. Ndikayamba ndi Filesi. Gulu langa lidzatsalira kusikelo, bwana adzafunsa, ndipo alipo ambiri amene akuufuna wezulo umenewu pamodzi ndi nyumba yake ya zipinda ziwiri. Ndikuopa, sindikubisirani. Mwina ndidzabwerera kukhasu. Sindikudziwanso ngati Roda adzandikhululukire msanga, poti mwana sauzidwa kuti bambo ako asintha, amadzionera yekha.

Koma ndikukulonjezani ichi. Ndikachita zimenezo ndidzakhala naye pamphasa, ndidzafunsa kuti ali kuti, ndipo akadzakoka nsalu ndidzaisiya igwe. Akalira, ndidzapirira, mawa lake n'kuyesanso. Inu ndinakudikiritsani mpaka munapita. Uyu sindimudikiritsa.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale sindinanenepo muli moyo.

Ndine mwana wanu,
Mateyu