Mawu a Achimwene Amene Sitinagawe

Kawale, Lilongwe
18 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikupereka moni, ndipo ndikufunsa za moyo wanu. Bondo lija likuti bwanji ndi chinyezi cha mvula yoyambayi? Ndamva kuti mwabzala kale kumunda wa kumtunda, koma ndamvera kwa anthu, chifukwa foni yanga simukuyankha. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndalemba kalata ngati munthu wakale poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komanso mukundidziwa, nkhani ikalemera chibwibwi chimandigwira pakhosi, pamene papepala ndimayankhula ngati loya. Iwe Veronica msuweni wanga, poti ndiwe ukuwawerengera amayi, uwerenge zonse mmene ndalembera. Usadumphe ndime ngati mmene unkachitira ndi mavesi ku Sande sukulu.

Zimene zikukambidwa pa Nsipe zandipeza. Akuti mayi Zelesi ogulitsa tomato pamsewu anamva pa wailesi nambala yoimbapo munthu akafuna kudziwa za mvula, ndipo ataimba anayankhidwa ndi malemu achimwene Elson. Akuti anasiya tomato pabenchi n'kuthamanga ndi foniyo mpaka pakhomo panu. Inu munamva ndi makutu anu mwana amene munamuika m'manda mu Epulo akutchula deti la tsiku lomwelo, n'kunena kuti masana kugwa mvula. Mvulayo akuti inagwadi. Ndiye anthu alumikiza nkhani: Dyton alibe digiri, mkulu wake wangodwala mutu n'kumwalira, iye wapeza ntchito ya makompyuta ku Lilongwe, ndipo wakufayo akuyankhula pa foni. Akuti ndinawakhwimira achimwene, ndipo ndikuwagwiritsa ntchito ngati ndondocha.

Za anthu apamsewu sindikuzidandaula kwambiri, mawa apeza wina womudya. Chikundiwawa n'chakuti inunso mwakhala chete, ndipo Veronica akuti chithunzi changa munachichotsa pakhoma. Sindikukuimbani mlandu. Inenso ndikanakhala inu ndikanachita mantha. Ndiloleni ndifotokoze kuyambira poyambira.

Mukukumbuka kabenchi kathu kuseri kwa golosale, pamene ine ndi achimwene tinkaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori, ndi laputopu yakale ija imene munkati ikutidyera nthawi yopalira. Yunivesite yanga inali pamenepo. Makasitomala akatha ndinkaphunzira pa intaneti kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, bandulo ikatha ndinkabwereza zimene ndasunga. Achimwene zolembalembazo analibe nazo mtima, ankati zimawapweteketsa maso. Koma nzeru inali yawo. Ankati alimi ambiri ali ndi timafoni ta mabatani ndipo ena sawerenga, ndiye bwanji foniyo izingowauza pakamwa ngati mvula ikubwera.

Panafunika mawu a munthu. Anga ndi awa mukuwadziwa, mlimi akananyowa kale ndisanamalize kumuchenjeza. Choncho tinajambula a achimwene, poti iwo ndiwo ankatsogolera kwaya. Tinkadzitsekera m'chipinda chanu chosungiramo mbatata chifukwa munalibe phokoso, ndipo ankatchula liwu limodzilimodzi: mayina a masiku ndi miyezi, manambala, mvula, dzuwa, mphepo, m'mawa, masana, Ntcheu, Dedza, Balaka. Ine ndinadula tizidutswa timeneti n'kutisunga. Tsiku lililonse kompyuta imatenga nkhani ya nyengo pa intaneti n'kulumikiza tizidutswato, ngati telala akulumikiza zigamba. Amene munawamva aja, amayi, ndi mawu a chaka chatha a m'chipinda chanu chomwecho. Achimwene ali pamene tinawagoneka.

Maliro atatha ndinabwera kuno, ndipo ndinayenda ndi maenvelopu mpaka nsapato kutha chidendene. Paliponse pamene pamafunika munthu wa makompyuta pamalembedwa kuti akhale ndi digiri. Pena mlonda wa pageti ndiye ankayamba kundifunsa mapepala asanandifunse dzina. Kwina anandiitana ku intavyu, koma ataona kasatifiketi kanga ka Fomu 4 anandifunsa ngati ndingathe kumayeretsa makompyutawo fumbi. Ndinati ndingathe, koma nayonso ntchitoyo sanandipatse.

Amene anandimvetsera ndi bwana Hilary, eni ake a kakampani kena kogwira ntchito ndi magulu a alimi. Iwo anati mapepala ndisatulutse, ndiwaonetse chimene ndinapangapo ndi manja anga. Ndinawapatsa foni. Anamvetsera, n'kuimbanso kachiwiri, kenako anaitana anzawo kuti adzamve. Anandilemba ntchito yoyeserera, ndipo ndi iwo amene anakalengeza nambala ija pa wailesi. Ndinkati ndidzakufotokozereni pamaso pa Khirisimasi, osadziwa kuti wailesi imafika pa Nsipe msanga kuposa minibasi. Ndiye n'zoona kuti achimwene ndiwo anandipezera ntchito, koma osati m'njira imene anthu akunenera.

Za kuno n'zomwezi za m'tauni. Ndikukhala m'kachipinda kamodzi, madzi timakatunga kumpopi wa eni nyumba, ndipo magetsi amabwera ngati mlendo wosalonjeza. Mbatata imene kwathu timapatsa nkhumba kuno amaiunjika bwinobwino n'kumaitcha ya giredi yoyamba. Kuofesi anzanga ndi anthu abwino. Pali Cedric, iye anapita ku yunivesite, ndipo wandiphunzitsa zambiri zimene pa kabenchi paja sindikanazidziwa.

Koma pali chimene sindinauzepo munthu. Ntchito yanga ndi kukhala ndi zomvera m'makutu tsiku lonse, kukonza tizidutswa tija. Alimi amangomva mawu oyera, ine ndimamva ndi zapakati pomwe. Ndimamva achimwene akutsokomola, akuseka atalakwitsa kutchula Febuluwale, akundifunsa ngati ndajambula. Pena pamamveka inu muli panja kukalipira nkhuku, pena mwana wawo Thokozile akulira. Masana dzuwa likuswa mtengo, ofesi yodzaza anthu, ine ndimatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa mpando wanga.

Tsiku lina ndili mu minibasi, bambo wina kumpando wakumbuyo anaimba nambala ija n'kukweza foni kuti mkazi wake amve nawo. Achimwene anayankhula pakhutu panga penipeni, akuti ku Dedza kuchita mphepo. Ndinatsika pa siteji imene sinali yanga, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kawale. Ndiye musaganize kuti amene akuzunzika ndi mawuwa ndinu nokha.

Tsopano ndafika pa nkhani yeniyeni. Kampani ikufuna kuti nambala ija itumikire dziko lonse, koma achimwene anangotchula maboma atatu. Sanatchule matalala, sanatchule za madzi osefukira. Bwana anati alimi awakonda mawuwa, ena amaimba kawiri patsiku, ndiye kusintha munthu kungakhale kutaya. Anati masiku ano kuli pulogalamu imene imamvetsera mawu a munthu n'kuwaphunzira, kenako imatha kunena chilichonse chimene wailembera, ndi mawu a munthu yemweyo.

Cedric anayesa sabata yatha ine ndili pomwepo. Analemba Karonga, achimwene n'kunena Karonga. Analemba Nsanje, n'kunena Nsanje, ndi kakukoka kawo kaja kakumapeto kwa liwu. Kumeneko achimwene sanapondeko, ndipo m'chipinda cha mbatata muja sanakutchule. Ndinatuluka panja n'kukakhala m'mphepete mwa ngalande.

Ndili pamenepo ndinaona kuti anthu a pa Nsipe anama za dzulo, koma za mawa sanaphonye kwenikweni. Kodi ndondocha n'chiyani, ngati si wakufa amene akugwiritsidwa ntchito osafunsidwa, osatopa, osatha kukana? Amati ndondocha amaidula lilime. Ife tikufuna kutaya munthu yense n'kutsala ndi lilime lokhalo.

Cedric atamva zimene zikunenedwa kwathu anandimvera chisoni. Anati nkhaniyi ndi yosavuta, tingolemba kuti achimwenewo akuuzeni okha kuti Dyton sanalakwe, kuti ali pa mtendere, kuti musalire, n'kukutumizirani pa foni ya Veronica. Sanalinge zoipa. Amayi, mawuwo ndinawalemba, ndipo chala chinali pabatani. Ndinkafuna kwambiri kuwamva akunena zimenezo, mwina kuposa inu. Koma ndinadziwa kuti mukanakhulupirira, mukanabwezera chithunzi changa pakhoma, ndipo tsiku limenelo ndikanasandukadi chimene anthu akunditchulacho. Ndinafufuta.

Bwana Hilary si munthu woipa. Ndinawafotokozera zonse, ndipo anati sangapitirize popanda chilolezo cha banja, koma yankho alimve mwezi uno usanathe. Sanandibisire kanthu. Anati banja likakana adzafuna wina wodzajambula mawu atsopano, mwinanso kugula pulogalamu yopangidwa kale kwina. Zikatero malo anga sakuwalonjeza, chifukwa amene amathandiza kampaniyi ndi ndalama amafuna kuona digiri pa dzina la wantchito wokhazikika. Chimene chikundiimika pano ndi chinthu chimene tinapanga ndi achimwenechi basi. Ndikuopa kubwerera ku maenvelopu, sindikubisirani.

Mukukumbuka tsiku logawa katundu wa malemu. Amalume a Bizwell anayala mphasa pabwalo n'kuikapo zonse: njinga, wailesi, makasu, Baibulo, jekete. Anatikumbutsa kuti cha malemu sachigwiritsa ntchito akuluakulu asanachipereke m'manja mwako. Jekete anandipatsa ine, ndipo ndimalivala mopanda mantha chifukwa ndinalilandira pamaso pa anthu. Laputopu sinaikidwe pamphasapo poti inali yanga. Palibe amene anaganiza, ngakhale ine ndemwe, kuti mkati mwake muli katundu wa achimwene. Mawu aja sanagawidwe, amayi. Mwina n'chifukwa chake sakutipatsa mtendere tonsefe.

Pempho langa ndi limodzi. Itanani amalume ndi alamu anga a Edna, poti mwamuna anali wawo, ndipo muyalenso mphasa. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya m'mawa ndi laputopuyo. Ndidzaiika pamphasa n'kutsegula tizidutswa tonse kuti mumve nokha mmene tinajambulira, ndi nkhuku zanu zomwe. Mukadzamva, mudzagamule monga mmene timachitira ndi katundu wina aliyense. Mukati mawuwa apitirize kuuza alimi za mvula, apitiriza ndi chilolezo chanu. Mukati akhale chete, akhala chete. Zowanenetsa mawu amene sanawanene ali moyo, ine mtima wanga ukukana ngakhale ntchito ithere pomwepo, koma nazonso ndidzamva kwa inu.

Ngati ndili ndi pakamwa pa mphasapo, ndidzangopempha kuti Thokozile timusungire ake pa memori. Bambo ake anapita iye asanadziwe kuyankhula, ndipo tsiku lina adzafunsa kuti ankamveka bwanji.

Ndikatsika pa siteji sindidzalowa pakhomo ndekha. Ndidzakhala pakhonde la golosale mpaka mutatuma Veronica kudzanditenga. Anthu adzandiloza, alekeni aloze. Dzuwa likadzapendeka osaona munthu, ndidzadziwa yankho lanu ndipo ndidzabwerera osakangana ndi aliyense.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali ku Sharpevale, kwa alamu a Edna, ndipo Thokozile mumunyamule m'malo mwanga. Mayi Zelesi muwauze kuti sindinawakwiyire, liwiro lawo lokha ndi limene landidabwitsa. Iwe Veronica zikomo powerenga, ndikudziwa kuti pena mawu akuthawa.

Amayi, kuzimitsa mawu aja ndi ntchito ya chala chimodzi, ndikhoza kuichita kuno mawa lomwe. Koma kwa ine kudzakhala kuwaika achimwene m'manda kachiwiri. Ulendo woyamba munali pambali panga, munandigwira dzanja pamene dothi linkagwera pabokosi. Ngati mwasankha kuti akhale chete sindidzatsutsa, koma musandisiye ndikaike maliro amenewa ndekha muofesi ya eni ake.

Ndine mwana wanu wotsalayo,
Dyton