Tsiku Limene Bambo Sanagogode Kapu

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa Achimwene,

Khalani pansi kaye musanawerenge, mungagwe nacho chimwemwe. Anditenga konse kuwiri! Digiri yachiwiri ya zamalonda ija ndakhala ndikukuboolani nayo m'makutu yatheka. Sukulu ya pa intaneti yandivomera, nayonso koleji ili pafupi ndi kuntchito kwathu, yophunzira Loweruka lokhalokha, yandivomera. Ndinakuwa mu ofesi mpaka abwana anatuluka akuthamanga, kuyesa makatoni andigwera.

Ndikudziwa maganizo anu. Munanena pa foni kuti, "Tenga ya pa intaneti, uziphunzira uli pafupi ndi Bambo." Nanenso ndinkaona choncho. Chidwalireni sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanzere sizigwirabe, ndipo akafuna kanthu amagogoda kapu ndi supuni. Masiku a ntchito pamakhala mayi wowasamalira, koma madzulo ndi kumapeto kwa sabata ndi ine.

Sukulu ya pa intanetiyo imalola kulawa maphunziro awiri usanalembetse. Ndinaika laputopu patebulo lositira, pakhomo pa bafa, poti m'nyumba monse muno netiweki imagwira pokhapo. Mphunzitsi atangoyamba, ngwe ngwe ngwe! Madzi. Ndangokhala pansi, ngwe ngwe! Pilo watsetsereka. Kachitatu anandifunsa kuti, "Kodi mwamuna akulankhula m'nyumba mwangayu ndani, wosabwera n'kudzapereka moni?" Tinaseka mpaka misozi, koma phunzirolo ndinangolimva mutu ndi mchira.

Tsiku lachiwiri kunali zii. Ndinamva zonse, ndinayankhanso funso, mphunzitsi n'kundiyamikira pamaso pa anthu. Nditatseka laputopu ndinathamangira kuchipinda kukadzitama. Achimwene, ndinawapeza atapendekekera kukhoma, zofunda zitanyowa, supuni ataibisa pansi pa pilo.

"Bambo, bwanji osaitana?"

"Unali kusukulu, mwanangu."

Ndinawasintha ndikulira, iwo akuyang'ana kudenga. M'mawa mwake, ndikuwapukuta kumaso, anayamba kulankhula pang'onopang'ono muja amachitiramu. Anati, "Ukakhala kuseri kwa chitseko, ine ndiziopa kukusokoneza mpaka udzamalize. Pita kusukulu ya mipando. Pano pakhale munthu wina, ameneyo ndiye ndizimugogodera mpaka kapu ibooke."

Ndiye Loweruka lapitali ndinapita kukaona kalasi ya kukoleji. Kachipinda kake n'kotentha, fani yake yaphokoso ngati chigayo, koma anthu ake! Muli mayi wa kubanki, mkulu wina wa malole, ndi atsikana awiri ogulitsa mankhwala. Mphunzitsi anatipatsa nkhani ya kampani yophika buledi yofuna kutsegula shopu yachiwiri, kuti tikambirane ngati n'kwanzeru. Ine ndinati ayi, ayambe akonza kaperekedwe ka katundu. Mkulu wa malole uja anati inde. Tinatsutsana mpaka mawu anandisasa, pomaliza iye anakweza manja n'kuti, "Mayi inu, mukanakhala bwana wanga ndikanathawa ntchito." Kalasi yonse inafa nazo.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi: tsiku lonselo khutu langa silinatchere kuchitseko. Ndinaiwala kuti kuli kapu. Ndinasangalala kwambiri, Achimwene, ndipo manyazi anandigwira ndili kale m'basi pobwerera. Komabe ndalembetsa. Sindikupemphatu chilolezo, ndikungokudziwitsani, paja wamkulu sauzidwa ndi anthu apanjira.

Za Bambo musade nkhawa. Anesi opuma ntchito aja a khomo loyandikana nafe avomera kumakhala nawo Loweruka lililonse. Bambo awapatsa kale dzina loti a Sajeni, poti saseka ndipo mankhwala sachedwetsa. Akuti akangana kale za wailesi.

Tsono pali gawo lanu. Mukaimba foni mumalankhula ndi ine, kufunsa za mankhwala ndi za kuchipatala, kenako mumati, "Uwapatse moni," n'kudula. Sindikukudzudzulani. Munawasiya akuyenda okha, akukalipira aliyense, ndipo ndikudziwa kuti zimakupwetekani kumva mawu awo akukokeka. Koma Loweruka ine kulibe, wopereka moniyo palibe. A Sajeni adzawagwirira foni kuti muzionana. Akayamba chiganizo musawamalizire, ingodikirani. Amachedwa, koma amafika.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo nawonso tsopano ali ndi homuweki. Bambo ndawauza kale kuti muimba Loweruka likubwerali. Anagwira chibwano. Patapita nthawi anandipempha kuti Lachisanu ndidzawamete ndevu ndi kuwasitira malaya oyera aja, kuti mwana wawo asadzawaone ngati wodwala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa m'nyumba muno